Wailesi ya Nzeru Kwathu ku Mkanda

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, kodi mukuikumbukira wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre ija? Kwathu ku Mkanda bambo ankaivundikira ndi kansalu, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Agogo ankati kabokosi kameneka kamaphunzitsa ana ulesi, koma Kapalepale akayamba pa MBC, oyamba kusendeza mpando anali iwo omwewo.

Popeza Zambia ndi pakhomo, tinkangopotokola pang'ono n'kumamvera Julius Chongo pa Poceza M'madzulo. Zimenezo zinali nthano chabe, panalibe wodandaula.

Mantha anadza kumayambiriro kwa Novembala 1991, pamene wailesi ya ku Lusaka inalengeza kuti Kaunda wagonja kwa Chiluba pachisankho. Ife sitinkadziwa kuti pulezidenti angachoke pampando chifukwa cha voti. Bambo anatseka chitseko, natsitsa mawu a wailesi, natichenjeza kuti tisayerekeze kukanena kusukulu. Ine ndinanong'oneza mnzanga mmodzi, ndipo sabata yonse tulo sindinatione, kuopa Apayoniya.

Zotsatira za riferendamu ya pa 14 Juni 1993 tinamvera pa MBC, wailesi ili pabwalo, bambo atagula mabatire atsopano.