Diso la malume anga

Malume anga atamwalira ku Banket, katundu wawo anakwana m'sutikesi imodzi. Munali jekete, Baibulo, mpukutu wa zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga, ndi kamera ya Zenit yomwe inafa kalekale. Abale anagawana zovala. Kamera ndi zithunzi anandipatsa ine, ati poti ndine wasukulu.

Ku Harare ndili ndi mnzanga amene amasonkhanitsa malenzi akale, aja olunjika ndi dzanja. Kamerayo sanaiyang'ane kawiri. Anapotokola lenzi n'kuichotsa, nawerenga dzina lake: Helios-44-2, ya mamilimita 58. Anaiwalitsa ndi tochi kuti aone ngati m'kati mwamera chuku, chomwe chimayala tiulusi pagalasi n'kumalidya pang'onopang'ono. Anazunguza mphete yolunjikira kuti amve ngati girizi wauma. Kenaka anatsegula ndi kutseka timapeni tolowetsa kuwala, kuona ngati tanyowa mafuta. Chigamulo chake chinali chachidule: chuku chilipo m'mphepete, utoto wasupuka, mphete ikugwira pamalo amodzi. "Achimwene, iyi mukagulitsa simupindula," anatero.

Sananame. Malenzi a Helios-44 anapangidwa mamiliyoni ku Soviet Union, motsanzira Biotar ya kampani ya Carl Zeiss ya ku Jena. Masiku ano ojambula amawafuna chifukwa zakumbuyo kwa munthu zimaoneka ngati zikuzungulira, ndipo ndi kachitsulo kolumikizira amakwanira pa kamera zamakono. Koma poti ndi ambiri, yachuku palibe amaifuna. Chimene mnzangayo sanafunse n'chakuti lenzi imeneyi inkaona ndani.

Agogo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, nadutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kukafika kuminda ya fodya ya ku Mashonaland. Sanali okha. Lamulo logawa malo la 1930 linapatsa Azungu pafupifupi theka la dziko la Southern Rhodesia, ndipo mafamu awo ankadalira manja a anthu a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anasainirana pangano la anthu opita kukagwira ntchito. Kunali malole aulere otchedwa Ulere, ndipo mu 1946 kunabwera bungwe lolemba anthu lomwe kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Ambiri sanabwerere. Kumudzi anawatcha machona.

Ndafufuza nkhope zawo m'mabuku akale a ulimi wa fodya. Alimo ndithu, koma atawerama m'mizere, kapena atandanda kumbuyo kwa mwini famu, opanda maina. Amene anawajambula ankajambula fodya.

Malume anabadwira m'komboni, ndipo ankasonkhezera moto wowumitsira fodya. M'zaka za m'ma 1980 anagula Zenit ija kwa munthu wina m'tauni. Lamlungu lotsatana ndi malipiro ankapalasa njinga kuchoka komboni iyi kupita ina, cha ku Trelawney ndi Raffingora. Filimu imodzi inali ya zithunzi 36, yokatsukitsa ku Chinhoyi, choncho kuphonya kunali kutaya ndalama. Lenzi yotere siithamangiridwa. Wojambula amazunguza mphete mpaka maso a munthu ataoneka bwino, ndipo m'kanthawi kameneko wojambulidwa amakonza kolala, kuwongola msana, kusankha nkhope imene akufuna kuti akaione kwawo. Wina ankabwereka suti, wina ankanyamula wailesi, wina ankagwira njinga. Chithunzicho chinkalowa mu envelopu kupita ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi, kukanena kuti tili moyo.

Nditabwerera kunyumba ndinayang'anitsitsa pamene mphete ija imagwira. Ndi cha pa mamita 3. Ndinawerengetsa: ndi lenzi ya mamilimita 58, kamera itaimikidwa chotalika, munthu wamkulu amakwana yense, kuyambira chipewa mpaka nsapato, ukaima pafupifupi mamita 3. M'zithunzi za malume mulibe munthu wodulidwa miyendo. Nsapato zinali mbali ya uthenga. Chilema chimene mnzanga anachotsera mtengo ndi pamene dzanja la malume linkaima zaka zonsezo.

Zithunzi zosatengedwa zija zambiri ndi za kumapeto. Kuyambira mu 2000 mafamu analandidwa, ndipo antchito anabalalika, ena opanda mudzi wopitako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira pafamu, a makolo ochokera kunja, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lomwe anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegulanso khomo kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo ndi la m'maiko a SADC, koma makomboni ambiri anali atatha kale.

Lenzi sindinagulitse, ndipo girizi wake sindinasinthe. Ndikapita ku Banket ndimatenga mpukutu uja n'kumaonetsa achikulire. Ambiri amapukusa mutu. Ulendo wathawu, gogo wina anagwira chithunzi cha bambo wa suti yaikulu kuposa thupi, naseka mpaka misozi. Anatchula dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wa kwawo. Suti, akuti, inali ya kapitawo. Ndinalemba zonse kuseri kwa chithunzicho ndi pensulo.