Kumatiratu mano a ana asanabooke

Mwana akafika zaka 6, kuseri kwa mano ake aubwana kumamera mano anayi a chibwano, awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi. Manowa amatuluka popanda dzino lina kugweluka, n'chifukwa chake makolo ambiri amawayesa aubwana omwe adzachoke okha. Chonsecho ndi mano achikhalire: limodzi likazulidwa, silimeranso lina. Ena anayi amatsatira mwana akamakwanitsa zaka 12.

Pamwamba pa mano amenewa pali timing'alu tozama, tina topapatiza moti mswachi sufikamo. Zotsalira za chakudya, makamaka zashuga, zimakanirira momwemo, ndipo mabakiteriya akamazidya amatulutsa asidi yemwe amakukuta dzino mpaka kulibowola. Bungwe la CDC la ku America likuti mwa mabowo 10 alionse a m'mano a ana, 9 amapezeka m'mano akumbuyowa.

Njira imodzi yotchinjirizira vutoli ndi kutseka timing'aluto dzino likadali labwino, pogwiritsa ntchito phula lopyapyala lomwe madokotala amalitcha sealant. Dokotala amatsuka dzinolo, kulipaka asidi wofooka kwa kamphindi kuti pamwamba pakhakhale, kulitsukuluza ndi kuliumitsa, kenako n'kuthira phulalo ndi kuliumitsa ndi kuwala kwa buluu. Sipafunika jakisoni kapena kubowola, ndipo mwanayo samva ululu. Chovuta ndi malovu okha, chifukwa akakhudza dzinolo ntchito ili mkati, phula siligwira bwino.

Maziko a njirayi adawaika ndi Michael Buonocore wa ku Rochester, m'dziko la America, yemwe mu 1955 adaonetsa kuti asidi amathandiza pulasitiki kukakamira pa dzino. Malinga ndi CDC, kumata kotereku kumapewetsa mabowo 80 mwa 100 alionse m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo kumapewetsabe theka la mabowo mpaka zaka zinayi.

Kumadera kopanda magetsi kuli mtundu wina wa phula, glass ionomer, womwe safuna makina. Dokotala amausakaniza pamanja n'kuukanikizira m'timing'alu ndi chala chovala gulovu. Umapirira chinyezi komanso umatulutsa fluoride yemwe amalimbitsa dzino, ngakhale umakanganuka msanga kuposa wa pulasitiki uja. Kagwiritsidwe ntchito kameneka kadachokera ku njira yosamalira mano ndi zida za pamanja yomwe idayambira ku Tanzania m'ma 1980, ndipo mu 2021 bungwe la WHO lidaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri dziko ngati la Malawi, komwe madokotala a mano ndi ochepa ndipo anthu ambiri amafika kuchipatala dzino litaola kale, thandizo lotsala lili kuzula basi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences.

Komabe phulali limateteza pamwamba potafunira pokha. Pakati pa dzino ndi linzake pamafunikabe mswachi, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride kawiri patsiku, komanso kuchepetsa maswiti ndi zakumwa zashuga. Dzino lomwe labooka kale kwambiri limafunika thandizo lina. Phula nalo limatha kuthetheka mwana osadziwa, choncho kholo lizipempha dokotala kuti aliyang'ane ulendo uliwonse, ndipo ngati lachoka amatenso.