Kuchoka pa Kutsina Kufika pa Sikani

M'chaka cha 1753 dokotala wa ku Naples, Carlo Curzio, anasindikiza nkhani ya mtsikana wa zaka 17 amene khungu lake linauma gwa ngati thabwa. Pakamwa pankavuta kuyasamula, khosi osatembenuka. Anam'patsa mkaka wofunda, kum'fukiza nthunzi, kum'chotsa magazi ndi kum'mwetsa mercury pang'onopang'ono, ndipo patatha miyezi 11 khungu linafewa. Mabuku ambiri amayambira pamenepa akamafotokoza mbiri ya scleroderma, ngakhale akatswiri ena a m'mbuyo muno akuti mwina inali nthenda ina yofanana nayo, yomwe nthawi zambiri imatha yokha. Nanga chinam'chiritsa mtsikanayo n'chiyani, mankhwala kapena nthawi? Curzio analibe choyezera china kupatula zala zake.

Pa nthendayi thupi limapanga kolajeni wopitirira muyeso, ulusi umene umalimbitsa khungu, mpaka khungulo limakhuthala, kunyezimira ndi kukana kupindika. Mtundu woopsa umalowerera mpaka m'mapapo, mu impso ndi kum'mero. Mu 1957 dokotala wina, Erasmus, anaupeza ukuchuluka pakati pa okumba golide ku Witwatersrand chifukwa cha fumbi la miyala, m'migodi yomweyo imene Amalawi ankapitako pa Wenela. Mtundu wina, morphea, umakhala pakhungu ndi mnofu wapansi pake: zigamba zolimba zotuwa pakati, kapena mzere umodzi wotsika mwendo wa mwana kapena pamphumi. Supha, koma ukadutsa pabondo kapena pachigongono umamanga mfundoyo, ndipo mwendo wa mwana ukhoza kutsalira pokula.

Kwa zaka zoposa 200 muyeso unali kutsina basi. Gerald Rodnan wa ku Pittsburgh ndiye anaupatsa dongosolo. Mu 1979 iye ndi anzake anaonetsa kuti zimene zala zamva zimagwirizana ndi kulemera kwa tizidutswa ta khungu todulidwa pamkono n'kuikidwa pasikelo. Njira yake, itakonzedwanso, ikugwira ntchito mpaka lero: dokotala amatsina malo 17 pathupi, paliponse n'kupereka nambala kuyambira 0 mpaka 3, zonse pamodzi osapitirira 51. Ndi njira yabwino, yosalira magetsi. Koma zala za anthu awiri sizimva chimodzimodzi, ndipo dokotala amene wakhala miyezi iwiri akuthandiza wodwala amafunitsitsa kumva kuti khungu lafewa. Umenewo ndi umunthu, si bodza, koma umasokoneza kafukufuku. Kuwonjezera apo, zigamba za morphea zimatha kufewa zokha pakapita zaka zingapo.

Kuchiza ndi kuwala kuli ndi mbiri yakeyake. Niels Finsen wa ku Copenhagen analandira mphoto ya Nobel mu 1903 chifukwa chochiza TB ya pakhungu ndi nyale zamphamvu. Koma kuwala kwa ultraviolet kumene kunkagwiritsidwa ntchito kwambiri zaka zotsatira kumathera pamwamba, pomwe vuto la scleroderma lili pansi, m'gawo lachiwiri la khungu. Zinthu zinasintha cha m'ma 1980, ku Germany kutapangidwa nyale zotulutsa UVA1 yekha, kuwala kwa mananomita 340 mpaka 400 komwe kumalowa mozama osawaula khungu msanga. Asayansi anapeza kuti kuwalaku kumadzutsa maselo a pakhungu kupanga collagenase, chinthu chomwe chimadula kolajeni. Chodabwitsa n'chakuti ndi ntchito yomweyi imene imachititsa makwinya pankhope ya munthu wokhalitsa padzuwa. Chimene chimakalambitsa khungu labwino chikanatha kumasula khungu lomangika.

Mbali inayo, sikani inali ikukula. Amayi ambiri amaidziwa kusikelo, ndipo sikani ya amayi oyembekezera inayambira ku Glasgow, kumene Ian Donald ndi anzake anafalitsa zotsatira zawo mu 1958. Makina oonera mwana m'mimba amatumiza mafunde a mawu a mamegaheti 3 mpaka 5, amene amafika patali koma saona tinthu ting'onoting'ono. Khungu, lomwe m'malo ambiri kukhuthala kwake ndi milimita imodzi kapena ziwiri, limafuna zosiyana. Mu 1979 Alexander ndi Miller anaonetsa kuti mafunde othamanga kwambiri akhoza kuyeza kukhuthala kwa khungu popanda mpeni, ndipo mu 1984 Jørgen Serup wa ku Denmark anayeza zigamba za morphea pa mamegaheti 15. Posakhalitsa makina a mamegaheti 20 anakhazikika m'zipatala za khungu. Saona kupitirira sentimita imodzi, koma amasiyanitsa zinthu zotalikirana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita.

Njira ziwirizi zinakumana ku Germany m'zaka za m'ma 1990. Martina Kerscher ndi anzake analengeza m'magazini ya The Lancet mu 1995 kuti UVA1 wochepa mphamvu anafewetsa zigamba. Mu 1997 gulu la Helger Stege ndi Jean Krutmann ku Düsseldorf linaika odwala 17 pansi pa nyale maulendo 30, ena pa mlingo waukulu wa majulo 130 pa sikweya sentimita, ena pa 20 okha, ndipo sikani inaonetsa kuti mlingo waukulu unapyapyalitsa khungu koposa.

Ntchito yake njofuna kudekha. Wodwala amavula, kuvala magalasi oteteza maso, n'kugona pansi pa nyale zotentha, thukuta lili kamukamu, kenako mawa lake kubweranso. Pa tsiku loyeza, kachipangizo kokhala ndi madzi kunsonga kamakhazikidwa pachigamba, pamalo enieni amene anayezedwa poyamba, kenako pakhungu labwino la mbali inayo kuti afananize. Pagalasi la kompyuta pamaoneka mzere wowala wa pamwamba pa khungu, pansi pake lamba wa gawo lachiwiri lija. Pachigamba lambayo amakhala wotambalala ndi wodera. Chithandizo chikamagwira, amachepa n'kuyamba kuwala, ndipo kusinthako kumalembedwa m'mamilimita amene dokotala wina aliyense akhoza kuwayezanso.

Umboni wolimba unachokera ku Bochum mu 2006. Alexander Kreuter ndi anzake anagawa mwamaere odwala 64 m'magulu atatu, UVA1 wochepa, UVA1 wapakatikati ndi UVB (ultraviolet wothera pamwamba uja), kasanu pamlungu kwa milungu 8. Magulu onse anapezako bwino, koma mlingo wapakatikati unaposa UVB. Zipatala zambiri lero zimatsata mlingo wapakatikatiwu, ndipo morphea yozama, yofika kuminofu ndi kumafupa, imafuna mankhwala monga methotrexate chifukwa kuwala sikufikako.

Pali nkhani imodzi imene iyenera kutsatidwa mwakhama, ndipo ikukhudza anthu akuda. Kafukufuku woyambayo anachitika makamaka pa azungu, pomwe melanin, amene amadetsa khungu, amamwa kuwala kusanalowe pansi. Mu 2008 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti khungu lakuda limatulutsa collagenase wochepa likawalitsidwa ndi UVA1, ndiponso kuti kuda kobwera chifukwa cha nyaleyo kumafooketsa maulendo otsatira. Chaka chomwecho gulu la Heidi Jacobe ku Dallas linaunika odwala ake n'kupeza kuti akhungu lakuda anathandizika mofanana ndi anzawo. Pakhungu lakuda, kufiira kwa m'mbali mwa chigamba kumene madokotala a ku Ulaya amadalira kuti adziwe ngati nthenda ikufalikira sikuoneka bwino, choncho wodwala wotere ndi amene akufunikira kwambiri kuyezedwa ndi makinawa, asanayambe nyale ndiponso atamaliza.