Alonda a Panyanja: Mbiri ya Ngozi za Ndeke za Shackleton

Tikamva kuti ndeke ya nkhondo yagwa, ambiri a ife timafulumira kuganiza kuti adani aiwombera. Koma mbiri ya ndeke zolondera panyanja, m'zaka zotsatira Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, itiphunzitsa zina. Ndeke zambiri za nchito imeneyi zinagwa pa nthawi ya mtendere, popanda cipolopolo ngakhale cimodzi. Lero titsata mbiri ya mtundu umodzi wa ndekezi, wochedwa Avro Shackleton, wa ku Britain, kuti tione cimene cinali kupha amuna amene anali kuyenda nazo.

Tiyambe ndi cifukwa cimene ndekeyi inapangidwira. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, zombo za Germany zoyenda pansi pa madzi zinamiza zombo zambiri zonyamula cakudya ndi mafuta kupita ku Britain. Cimodzi mwa zinthu zimene zinathetsa vutoli cinali ndeke zotha kuuluka kutali ndi gombe, kufunafuna zombo zobisalazo. Nkhondo itatha, Britain inayamba kuopa zombo za pansi pa madzi za Soviet Union, motero inafuna mlonda watsopano. Kampani ya Avro inatenga mapangidwe a ndeke yoponya mabomba yochedwa Lincoln, imene inacokera ku Lancaster yochuka ija, nipanga ndeke yatsopano. Anaipatsa dzina la Sir Ernest Shackleton, munthu amene anafufuza dziko lozizira la Antarctica. Inauluka koyamba pa 9 March 1949, ndipo gulu la Royal Air Force linayamba kuigwiritsa nchito mu 1951. Zonse pamodzi zinapangidwa 185.

Shackleton inali ndi injini zinai za Rolls-Royce Griffon, ndipo injini iliyonse inali ndi mapulopela awiri ozungulira mosiyana, ina kumanja ina kumanzere. Kucokera ku nsonga ya phiko lina kufika ku linzace panali mamita ngati 36. M'kati mwace munali kukhala anthu khumi: oyendetsa awiri, olondola njira awiri, woyang'anira injini mmodzi, ndi ena oyang'anira wailesi ndi makina a radar. Phokoso lace linali lalikulu kotero kuti ambiri amene anagwiramo nchito zaka zambiri anatsala ndi makutu osamva bwino.

Kuti timvetse ngozi zace, tiyenera kumvetsa nchito yace. Ndeke ya apaulendo imakwera pamwamba pa mitambo, kumene kuli bata, ndi kutsika pokhapokha ikafika. Mlonda wa panyanja sangatero. Combo ca pansi pa madzi cimangotulutsa kacitsulo kakang'ono koonera kapena kopumira mpweya, ndipo kuti akaone, ndeke iyenera kuuluka pafupi kwambiri ndi mafunde. Pamenepo woyendetsa akalakwitsa pang'ono pokhota, nsonga ya phiko imagunda madzi, ndipo sipakhala mpata wokonza colakwaco. Caciwiri, ulendo umodzi unali kutha maola oposa khumi ndi awiri, usana ndi usiku, anthu akuyang'ana madzi okhaokha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa maola otere kumalemetsa zikope ndi kucedwetsa maganizo. Cacitatu, nchitoyi sinali kudikira kuti kunja kuce bwino. Asodzi ndi amalinyero amasowa pa nthawi ya namondwe, ndipo Shackleton ndiyo inali kutumidwa kukawafuna ndi kuwaponyera mabwato opopa ndi zakudya. Komanso masiku amenewo kunalibe makina olondola njira ndi masetilaiti. Wolondola njira anali kudalira kampasi, nthawi, liwiro la mphepo, nyenyezi ndi zizindikiro za wailesi.

Ngozi imene inagwedeza Britain inacitika pa 11 January 1955. Ndeke ziwiri za gulu la nambala 42 zinanyamuka pa bwalo la St Eval, ku Cornwall, mosiyana mphindi zocepa, kupita kukayeseza nchito kum'mwera kwa Ireland, kufupi ndi thanthwe la Fastnet. Usiku umenewo zonse ziwiri zinaleka kuyankha pa wailesi. Anazifunafuna masiku angapo, koma sanapeze kanthu, ndipo amuna 18 anatayika. Ofufuza anaganiza kuti mwina zinawombana mumdima. Panapita zaka khumi ndi cimodzi, ndipo mu 1966 khoka la asodzi linavuula injini ya imodzi mwa ndekezo. Apa tiona vuto lina la ngozi za panyanja: madzi amameza umboni. Ndeke ikagwa pamtunda akatswiri amatola zidutswa ndi kuwerenga cimene cinalakwika, koma ikamira, amasiye ndi ofufuza omwe amatsala ndi mafunso.

Dziko lina lokha limene linagula ndekezi linali South Africa, imene inalandira zisanu ndi zitatu mu 1957 ndi 1958, nizipereka ku gulu la nambala 35 ku Cape Town. Pa 8 August 1963 imodzi mwa izo, ya nambala 1718, inanyamuka kunja kuli mvula, mphepo ndi mitambo yotsika, nigwa m'mapiri a Wemmershoek, kum'mawa kwa mzindawo. Anthu onse 13 anafa. Onani kuti ndeke yopangidwira nyanja inathera paphiri. Mabwalo ambiri a ndekezi anali pafupi ndi magombe a mapiri, ndipo pocoka kapena pobwerera m'nkhungu, phiri silioneka kufikira mutalifika.

Nyengo yowawa koposa inali kuyambira November 1967 kufika April 1968, pamene Royal Air Force inataya ndeke zinai m'miyezi isanu ndi umodzi. Pa 4 November ina inali pa ulendo wocokera ku cisumbu ca Gan kupita ku Singapore pamene injini inagwira moto, ndipo inagwera m'nyanja ya Indian Ocean, kumadzulo kwa Sumatra. Anthu asanu ndi atatu anafa, atatu anapulumuka. Pa 19 November ina inagunda madzi poyeseza kusaka combo ca pansi pa madzi, kutali ndi gombe la Cornwall; anapulumuka awiri okha. Pa 21 December yacitatu inagwa m'mapiri a kumadzulo kwa Scotland italowa m'mitambo yozizira kwambiri. M'mitambo yotere madontho a madzi amaundana pa mapiko. Madzi oundanawo amalemetsa ndeke ndi kusintha maonekedwe a phiko, kotero kuti mpweya suinyamulanso. Onse amene analimo anafa. Pa 19 April 1968 yacinai inagunda phiri m'nkhungu pa Mull of Kintyre, ku Scotland komweko, nipha anthu 11. Pa ngozi zinaizi panatayika miyoyo pafupifupi 40. Tikaziyang'ana pamodzi tipeza kuti iliyonse inali ndi cifukwa cace: moto, kuuluka pafupi ndi madzi, kuzizira, ndi nkhungu. Palibe colakwa cimodzi cimene amisiri akadakonza kuti zonse zithe. Zonse zinacokera ku mtundu wa nchito imene ndekezo zinatumidwa.

M'zaka zomwezo ndeke za Shackleton zinalowa m'mbiri ya cigawo cathu cino. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lodziimira palokha popanda cilolezo ca Britain. Mafuta a Rhodesia anali kutsikira pa doko la Beira, ku Mozambique, ndi kuyenda m'mipope kufika ku Feruka, pafupi ndi Umtali, mzinda umene lero uchedwa Mutare. Mu 1966 Britain inayamba kulondera nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar kuti zombo za mafuta zisafike ku Beira, ndipo mu April caka comweco bungwe la United Nations linavomereza kuti zombozo ziletsedwe ndi mphamvu. Ndeke za Shackleton zinali kunyamuka ku Majunga, ku Madagascar, kukazonda zombo, kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ulonda wonsewo unatha mu June 1975, pamene Mozambique inalandira ufulu. Rhodesia inapitiriza kupeza mafuta kudzera ku South Africa ndi ku Lourenço Marques, pamene ife kuno ku Zambia tinali kugula petulo moyeza, kudikira wobwera pa ndeke ndi pa malole a mseu wa ku Dar es Salaam, kufikira mpope wa TAZAMA unatsegulidwa mu 1968. Motero funso limene mbiri imafunsa ndi ili: boma likatuma anthu ku nchito yoika moyo paciswe tsiku ndi tsiku, kodi cimene licita nayo nchitoyo cilingana ndi mtengo wace?

Kuyambira mu 1969 ndeke ya injini za jeti yochedwa Nimrod inayamba kulowa m'malo mwa Shackleton pa ulonda wa panyanja. Koma nkhalambayo sinapumule msanga. South Africa, imene maiko anakana kuigulitsa zida cifukwa ca tsankho la apartheid, inaulutsa zace kufikira 1984. Ku Britain zina anaziika makina a radar ocenjeza za ndeke za adani, ndipo zinagwira nchito kufikira 1991. Pa 30 April 1990 imodzi mwa izo inagunda phiri m'mitambo pa cisumbu ca Harris, ku Scotland, nipha anthu khumi. Inali ngozi yofanana ndi ya 1968, patapita zaka 22. Ngozi yotsiriza inatha mosiyana. Mu July 1994 Shackleton yakale ya South Africa, imene inakonzedwanso kuti ikaonetsedwe ku Britain, inafa injini ziwiri za mbali imodzi usiku, ndipo oyendetsa anaitsitsa pa mcenga wa ku Western Sahara. Anthu onse 19 anatuluka amoyo.

Pali mwambi wakuti tsoka silinunkha, ndipo kwa amuna a m'ndeke zija unali woona, pakuti phiri la m'nkhungu silinali kuwacenjeza. Koma nchito ya ofufuza ngozi ndiyo kupatsa tsoka fungo, kuti otsatira alimve lisanafike. Ngozi zogunda mapiri, za ndeke za nkhondo ndi za apaulendo zomwe, zinacititsa akatswiri kupanga makina amene amafuula ndeke ikayandikira nthaka, ndipo m'zaka za m'ma 1970 makinawo anayamba kuikidwa mwalamulo m'ndeke zazikulu za apaulendo. Malamulo a maola a nchito ndi a kupumula anakhwimitsidwa, njira zoteteza mapiko ku madzi oundana zinawongoleredwa, ndipo lero masetilaiti amauza woyendetsa malo enieni amene ali.

Tipempha aphunzitsi kuti athandize ana kupeza pa mapu malo amene tachula: Cornwall, Mull of Kintyre, Cape Town, Sumatra, Beira ndi Majunga, umene lero ulembedwa Mahajanga. Akayeza kutalika kwa nyanja zimene zili pakati pa malowa, adzamvetsa kukula kwa dera limene anthu khumi, m'ndeke imodzi yaphokoso, anali kulondera ndi maso awo, ndi cifukwa cace ena a iwo sanabwerere ngakhale kuti kunalibe nkhondo.