MAU ACILENDO M'CINGEREZI CA MAKEDZANA

Mwana wa sukulu akayamba kuphunzira Cingerezi amapeza cinthu codabwitsa. Ng'ombe iri m'khola Angerezi amaichula “cow”, koma ikaphedwa ndi kuikidwa pa mbale isanduka “beef”. Nkhosa ndi “sheep”, nyama yake “mutton”. Nkhumba ndi “swine”, nyama yake “pork”. Mphunzitsi amangoti aloweze, ndipo mwanayo aloweza. Komatu mau awiri-awiri amenewa ali ndi mbiri yao, ndipo mbiriyo iyambira pa nkhondo.

Pa 14 October 1066 William, wolamulira dziko la Normandy, amene anali ataoloka nyanja ndi ankhondo ake, anagonjetsa Harold mfumu ya Angerezi pafupi ndi mudzi wa Hastings. William ndi anthu ake ankalankhula Cifalansa. Iye analanda minda ya akuluakulu a Angerezi naigawira omtsata, ndipo mipando ya mabishopu nayonso inapita kwa alendo. Pofika 1086, pamene alembi a mfumu analemba minda, ziweto ndi eni ake m'buku lochedwa Domesday Book, Angerezi okhala ndi malo akulu anali atatsala owerengeka. Kuyambira pamenepo m'dziko la England munali zinenero zitatu: Cilatini ca ansembe ndi makalata a boma, Cifalansa ca ku nyumba ya mfumu, ndi Cingerezi ca mlimi ndi mbusa. Amonke a ku Peterborough anayesetsa kulembabe mbiri ya dziko m'cinenero ca makolo ao, koma pa caka ca 1154 naonso analeka.

Munthu angaganize kuti mau Acifalansa anasefukira m'Cingerezi nthawi yomweyo. Si conco ai. M'zolemba za amonke aja mupezeka ocepa okha, monga “castle”, linga la miyala, ndi “prison”, ndende. Mau a zinthu zimene munthu wogonjetsedwa amaziona ndi maso. Wolamulira ndi wolamulidwa ankakhala motalikirana, ndipo zinenero zao sizinasakanizike msanga. Cigumula ca mau cinadza pambuyo, makamaka pakati pa 1250 ndi 1400, nthawi imene akuluakulu aja anali kusiya Cifalansa.

Cifukwa cake ndi ici. Pa caka ca 1204 mfumu John inalandidwa dziko la Normandy ndi mfumu ya ku France, ndipo akuluakulu okhala ndi minda mbali zonse ziwiri za nyanja anayenera kusankha kokhala. Otsala ku England anayamba kudziyesa Angerezi. Ambiri anali obadwa kwa amai Acingerezi, naleredwa ndi anchito olankhula Cingerezi, kotero kuti kwa zidzukulu zao Cifalansa cinasanduka cinenero cophunzira kwa mphunzitsi. Tsono munthu wotere polankhula Cingerezi za milandu, za nkhondo kapena za zakudya, akasowa liu ankangotola limene analizolowera. Momwemo munalowera “judge”, “court”, “tax”, “army” ndi “parliament”. Akatswiri amawerengera kuti mau otere anafika pafupi 10,000, ndipo ambiri a iwo akali kugwira nchito. Codabwitsa ncakuti “king” ndi “queen” sanasunthike, ngakhale “prince” ndi “duke” anadza kudzakhala pambali pao.

Za ng'ombe ija anthu amakonda kunena kuti mbusa Wacingerezi ankaweta “cow” ndipo mbuye wake Wacifalansa ankadya “beef”. Nkhaniyi inachuka cifukwa ca buku la Walter Scott lochedwa Ivanhoe, la caka ca 1819. Muli coonadi m'menemo, koma si conse, pakuti “beef” ndi “mutton” ayamba kuoneka m'zolemba ca m'ma 1300, ndipo kwa nthawi yaitali ankachulanso nyama yamoyo. Kusiyanitsa kwa khola ndi mbale kunakhazikika pang'onopang'ono.

Liu lacilendo likalowa, nthawi zina limakhala pamodzi ndi la eni dziko, nthawi zina limalipitikitsa. Kupitikitsa kumeneku kuoneka bwino pa mau a cibale, ndipo apa Mnyanja angamvetse msanga kuposa Mngerezi amene. Angerezi akale ankasiyanitsa abale monga acitira anthu a kuno. Mlongo wa amai, ndiye malume kapena mtsibweni, ankamuchula “eam”; mbale wa atate, amene kuno ali bambo wamkulu kapena wamng'ono, anali “faedera”. Mlongo wa atate anali “fathu”, ndipo mbale wa amai “modrige”. Ca m'ma 1300 kunadza mau awiri a ku France, “uncle” ndi “aunt”, nameza onse anai. Liu la “eam” linalimbikira, lilikulembedwa “eme” kwa zaka mazana angapo, koma potsiriza linatsalira m'kamwa mwa anthu a m'midzi okha. Ncifukwa cake womasulira pa bwalo la milandu amavutika Mzungu akanena “uncle”, pakuti ayenera kufunsa ngati ali wa kucimuna kapena wa kucikazi, ndipo pa mlandu wa colowa kusiyana kumeneku si kwamasewera. Apa Cingerezi cinataya cinthu cabwino. Coseketsa ncakuti “uncle” weniweniyo acokera ku liu la Cilatini lotanthauza malume yekha.

Ulemu naonso unasintha. Kale Mngerezi polankhula ndi munthu mmodzi ankati “thou”, ndiye iwe, ndipo kwa ambiri “ye” kapena “you”, ndiye inu. Analibe mwambo wonena inu kwa munthu mmodzi, ngakhale mfumu. M'zaka za m'ma 1200 anayamba kutsanzira Afalansa, nanena “ye” kwa wamkulu ndi kwa mlendo, ndi kusunga “thou” kwa mwana, kwa wanchito, kwa bwenzi la pamtima, ndi kwa Mulungu popemphera. M'ndakatulo za Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, wowerenga wocenjera angazindikire ulemu kapena mkwiyo wa wolankhula poona liu limene wasankha. Pambuyo pake anthu anaopa kunyoza anzao, nayamba kunena “you” kwa aliyense, mpaka “thou” anatsalira m'Buku Lopatulika la 1611 ndi m'midzi ina ya kumpoto. Motero Mngerezi amanena inu kwa khanda ndi kwa garu yemwe, osadziwa kuti akupereka ulemu.

Kubwerera kwa Cingerezi pa mpando kunafulumira. Mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 unapha anthu osacepera mmodzi mwa atatu alionse. Anchito anasowa, ndipo otsalawo anakwera mtengo pamodzi ndi cinenero cao. Mu 1362 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izinenedwa m'Cingerezi, cifukwa anthu sankamva zoneneredwa pa bwalo, ngakhale lamulolo linalembedwa m'Cifalansa. John Trevisa analemba kuti pofika 1385 ana m'masukulu anali atasiya kumasulira Cilatini m'Cifalansa, nayamba kumasulira m'Cingerezi. Mu 1399 Henry IV, podzitengera ufumu, analankhula m'Cingerezi pamaso pa akuluakulu.

Koma Cingerezi cimene cinabweraco sicinali cimodzi. Wa kumpoto ndi wa kumwera ankamvana mobvutikira, ndipo William Caxton, amene anaimika makina oyamba osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, anasautsidwa nazo posankha mau oti asindikize. M'mau oyamba a buku lina la 1490 iye anasimba za amalonda amene anali m'ngalawa pa mtsinje wa Thames, ndipo posowa mphepo anatsikira kumtunda kukafuna cakudya. Mmodzi wa iwo, dzina lake Sheffield, analowa m'nyumba napempha “eggs”, ndiwo mazira. Mai wa m'nyumbamo anayankha kuti sadziwa Cifalansa. Wamalondayo anapsa mtima, pakuti nayenso Cifalansa sankacidziwa. Potsiriza mnzake anati munthuyu afuna “eyren”, ndipo maiyo anamva pomwepo. Caxton anadandaula kuti sadziwa liu loti alembe mwa awiriwa.

Maiyo analakwa pa dzina la cinenero, koma khutu lake silinamnamize, pakuti “eggs” linalidi liu lacilendo. Linadza ndi ankhondo a ku Denmark ndi Norway amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England m'zaka za m'ma 870, omwenso anabweretsa “sky”, “take” ndi “they”. Liu la eni dziko linali “eyren” lija, ndipo patapita zaka ngati zana limodzi linali litazimirira m'mabuku.