Mbiri ya Cisoti ca Okwera Njinga ya Moto

Pa tsiku la 13 May 1935 munthu wina wochuka wa ku England, dzina lace T. E. Lawrence, analikubwerera kwao pa njinga yace ya moto m'dera la Dorset. Munthu ameneyu ndiye uja anamenya nkhondo pamodzi ndi Aarabu m'cipululu pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, naturuka m'menemo wamoyo. Pofika pamene mseu unali ndi kacigwa, anangoona anyamata awiri pa njinga zakapalasa ali pafupi ndithu. Anapatuka kuti asawaphe, nagwa, nagunda mutu pansi, ndipo kumutuko kunalibe kanthu komcinjiriza. Anagona cikomokere masiku 6, namwalira pa 19 May, ali wa zaka 46.

Owerenga okondedwa, nkhani iyi iri ya kutari, koma sikuti iribe kanthu ndi ife. Masiku ano mthuthuthu wafika m'midzi monse. Ana athu akucita kabaza, ndipo amai opita kucipatala ndi akuru opita kumaliro akwera pambuyo pao. Ambiri afuna cisoti, cimene anyamata acicha helemeti, koma ndarama nzocepa, ndipo pamsika zisoti zonse zinyezimira cimodzimodzi. Wodziwa mbiri ya cisoti sabvutika kusankha, pakuti ciwalo ciri conse ca cisoti cabwino anthu anaciphunzira pa maliro a wina.

Lawrence asanafe cisoti cinalipo kale, koma ca othamanga mipikisano okha. M'caka ca 1914 dotolo wina, Eric Gardner, amene anali kuyang'anira opweteka pa bwalo la liwiro la Brooklands, anatopa ndi kuona anyamata osokonezeka mitu. Anapempha mmisiri wa ku London kuti ampangire zisoti za nsaru yokhuthala youmitsa ndi utomoni, natenga zisoti 94 kunka nazo ku mpikisano wa pa cisumbu ca Isle of Man. Othamangawo anazibvala monyinyirika, ndipo anthu wamba a m'miseu sanazisamale konse.

Mwa madotolo amene anaitanidwa kukaona Lawrence munali Hugh Cairns, mbadwa ya ku Australia, wodziwa kucita opareshoni ya ubongo. Sanathe kumpulumutsa, koma imfayo siinamcoke mumtima. Itabuka nkhondo yaciwiri m'caka ca 1939, Cairns anaona kuti amithenga a asilikari, oyenda pa njinga za moto usiku m'miseu yozimitsidwa nyali, alikufa ambiri asanaonane ndi mdani. Anawerenga napeza kuti m'miyezi 21 yoyamba ya nkhondoyo okwera njinga za moto 2,279 anafera m'miseu ya Britain. M'caka ca 1941 analemba zimenezi m'nyuzi ya madotolo yochedwa British Medical Journal, ndipo mu November caka comweco akuru a asilikari analamula kuti msilikari ali yense wokwera njinga ya moto azibvala cisoti.

Cairns anali ndi mnzace ku Oxford, dzina lace Holbourn, amene anafuna kudziwa cimene cimacitika m'kati mwa mutu munthu akagwa. Ubongo uli wofewa ngati phala lozizira m'cikho. Mutu ukaima mwadzidzidzi ubongo supuma pomwepo iai, koma ukankhika nugunda bade lace. Ndipo m'caka ca 1943 Holbourn anaonetsa kuti coopsa koposa ndico mutu kupotoloka mwamphamvu, pakuti pamenepo ubongo ung'ambika m'kati ngakhale pfupa liri lamphumphu. Ici ndico cifukwa cace munthu angathe kufa wopanda bala looneka.

Tsono apa pali phunziro limene ogula ambiri saalidziwa kufikira lero. Iwo agogoda cisoti ndi cala, nati, Ici ncolimba. Koma kulimba kwa kunja kungoletsa mwala kuboola mutu. Cimene cipulumutsa ubongo ndico cofewa ca m'kati, cimene ciphwanyika pang'onopang'ono nicimeza mphamvu ya kugundako. Zisoti zakale zinali ndi malamba m'kati, zina khungwa lopepuka la mtengo. M'caka ca 1953 mphunzitsi wa ku California, Charles Lombard, analembetsa ku boma cisoti cokhala ndi cofunda ca m'kati comeza mphamvu. M'caka ca 1956 wothamanga pa galimoto, Pete Snell, anafa ali cibvalire cisoti cimene anthu anaciyesa cabwino. Abwenzi ace anamva cisoni ndi mkwiyo, nayambitsa bungwe la Snell Memorial Foundation m'caka ca 1957, nchito yace kuyesa zisoti poziphwanya. Kuyambira masiku amenewo cofewa ca m'katico cikhala polystyrene, ndico cinthu coyera copepuka cija amakutira naco wailesi yatsopano m'katoni, koma cothinana koposa.

Komabe zisoti zonsezi zinali kuphimba pamwamba, pambali ndi pambuyo pokha, nkhope iri pamtetete. M'caka ca 1968 kampani ya Bell ya ku America inaturutsa cisoti cochedwa Bell Star, cophimba mutu wonse pamodzi ndi cibwano, cosiya kazenera ka maso kokha. Dan Gurney, wothamanga pa galimoto, anacibvala pa mpikisano waukuru wa ku Germany caka comweco. Cinali colemera ndi ca mtengo wapatari, kazenera kace kakang'ono. Koma nzeru yace inali yoona. Pambuyo pace Dietmar Otte wa ku Hannover, atapenda zisoti za anthu ogwa m'miseu, anapeza kuti monga gawo limodzi mwa magawo atatu a mikwingwirima yace linali pa cibwano. Munthu wogwa pa njinga kawirikawiri atsogoza nkhope, ndipo wothyoka nsagwada, ngakhale acire, kudya nsima kumsanduka nchito.

Malamulo anadza mocedwa. Dera la Victoria ku Australia ndilo linayamba kukakamiza okwera onse m'caka ca 1961, Britain inatsata m'caka ca 1973. Koma cimene cinacitika ku Vietnam ndico tiyenera kucisamalira, popeza cifanana ndi zathu. Kumeneko njinga za moto nzosawerengeka, ndipo lamulo litakhwima mu December 2007 anthu pafupifupi onse anayamba kubvala zisoti tsiku limodzi. Koma amalonda anadzaza misika ndi tizipewa ta pulasitiki topanda kanthu m'kati, tongokwanira kupyola nato pa apolisi. Cisoti cotere cicinjiriza thumba ku cindapusa, mutu ai. Kuno kwathunso taona ena abvala cipewa ca omanga nyumba, cimene anacipangira njerwa yogwa kucokera kumwamba, cosakhala ndi lamba wakucigwira munthu akagwa.

Nanga wosauka atani? Kodi cisoti cabwino ncokhaco ca ndarama zambiri? Boma la Britain linafuna kuyankha funso lomweli, ndipo m'caka ca 2007 linayambitsa nchito yochedwa SHARP. Anchito ace amagula zisoti m'masitolo monga munthu wamba, naziphwanya, nazipatsa nyenyezi kuyambira 1 kufikira 5. Ndipo cinaoneka ncakuti zisoti zina zotsika mtengo zinalandira nyenyezi 4 kapena 5, pamene zina zodula zinalandira zocepa. Ndarama zoonjezerazo kawirikawiri zigula kupepuka, utoto wokongola, mphepo yolowa bwino ndi dzina la kampani. Izi nzokoma kwa amene ali nazo ndarama, koma cisoti ca pulasitiki yolimba ya polycarbonate, cimene ciri cotsika mtengo, cikhoza kupambana mayeso omwewo.

Cifukwa cace wogula ayambe wafuna cizindikiro ca mayeso. Ca ku Ulaya, cimene cicokera ku lamulo la United Nations la nambala 22, cikhala pa kansaru kosokerera pa lamba: cilembo E m'kati mwa kabwalo pamodzi ndi nambala. M'mzere wa manambala otsatira muli cilembo cina ca nchito yaikuru. P atanthauza kuti cocinga cibwano anaciyesa nicipambana, J atanthauza cisoti copanda cocinga cibwano, ndipo NP ndiye cocinga congokometsera. Mayeso atsopano, ochedwa 22.06, ayesanso kupotoloka kwa mutu kuja Holbourn anakufotokoza m'caka ca 1943. Taonani kucedwa kwace, zaka pafupifupi 80. Cizindikiro ca DOT ca ku America ndi cabwinonso cikakhala coona, koma mwini kampani ndiye adzicitira yekha umboni, ndipo kapepala komata kumbuyo wonyenga ali yense angathe kukasindikiza.

Tsono maso ndi manja athandize. Kankhani nsaru ya m'kati, muone ngati coyera cija cilipo, cokhuthala monga cala cacikuru kapena kuposa. Cisoti coona cophimba nkhope cilemera monga kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo cimene cipepuka ngati cipanda cikaikitsa. Finyani cocinga cibwano, cisapindike. Kokani lamba, muone ngati anamkhomera ndi citsulo. Mukacibvala cigwire masaya ndi mphumi osapweteka, ndipo mutamanga lamba mnzanu acikankhe kucokera pambuyo, cikabvuka ncacikuru. Galasi lace likhale loyera, pakuti lakuda licititsa khungu usiku.

Kunena za cisoti ca pa kaunjika, ine sindicikhulupirira. Coyera ca m'kati cija ciphwanyika kamodzi kokha osabwereranso, ndipo cisoti cimene cinagwa kale ndi mwini wace woyamba cingathe kuoneka camphumphu kunja, m'kati nchito yace itatha. Wogula alibe njira yakudziwira. Cisoti catsopano cotsika mtengo cokhala ndi cilembo E ndi P ciposa ca dzina lochuka cimene mbiri yace siidziwika. Ndipo mnyamata wa kabaza powerengera ndarama awerengere zisoti ziwiri, pakuti amai okhala pambuyo alibe cigwiriro, ndipo njinga ikagunda iwo agwa osaona cimene cawagwetsa.