Za Amuna Anai a Dzina la Murray

Nkhalamba zikakhala pabwalo la calici zimati, "A Murray anamanga Mvera, a Murray anatipatsa Buku." Ana akumva ayesa kuti ndi munthu mmodzi. Si tero ai. Dzina ili ndi ciwongo, monga Phiri kapena Banda kwathu kuno. Tsono tiyeni tiwalekanitse, kuti ulemu wa wina ungaphimbe thukuta la mnzace.

Woyamba ndiye Andrew Murray wamkuru, amene anacoka ku Scotland m'caka ca 1822 nakhala mbusa pa Graaff-Reinet, ku South Africa, kufikira imfa yace mu 1866. Mwana wace, Andrew yemwenso, anabadwa mu 1828 namwalira mu 1917. Iyeyu ndiye analemba mabuku ambiri a mapemphero, nafulumiza abusa anzace kuti asonkhe ndarama za m'matumba mwao, atume munthu ku dziko la kunyanja.

Wotumidwayo anali A. C. Murray, mdzukulu wa nkhalamba ija. Anafika mu 1888, nayamba wakhala ndi a Livingstonia kumpoto. Mu Novembara 1889 iye ndi T. C. B. Vlok anamanga hema pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, masiku amene anthu anali kugona m'mapiri kuopa nkhondo. Uyu ndiye wotema tsala.

Koma ife aphunzitsi mtima wathu uli pa wacinai, William Hoppe Murray, mbale wace wa A. C., amene anadza mu 1894. Kuyamba mudzi kuoneka ndi maso. Kusandutsa mau sikuoneka. Munthu akhoza kutha tsiku lamphumphu pa liu limodzi, dzuwa nkulowa asanalipeze. Nchito yotere anaisenza zaka zoposa khumi ndi zisanu, pamodzi ndi Dr. Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a dziko lino, amene anali eni cinenero. Panali pobvuta: a kumwera ananena mwao, a ku Mvera mwao, ndipo yense anaumirira kuti Cinyanja ceniceni ndi ca kwao. Anagwirizana ndithu, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922.

Anapuma nchito mu 1937, namwalira mu 1947. Mwana wace wamkazi, Pauline, anakhala dotolo pa Nkhoma, ndipo sukulu ya pomwepo yochedwa William Murray ikumbutsa wacinaiyu, si atatu enawo.